Mawe, Msonkho ndi Chiphaso: Mbiri ya Kulipirira Chisamaliro cha Nsomba ku Mangochi

Gombe la Nkopola, lomwe lili kumpoto kwa tawuni ya Mangochi pa msewu wopita ku Monkey Bay, layang'anizana ndi chigawo cha kummwera chakummawa kwa nyanja ya Malawi, ndipo chigawo chimenechi, pamodzi ndi mtsinje wa Shire wakumtunda ndi nyanja ya Malombe, ndicho kwa zaka zambiri chinkatulutsa chambo chochuluka kuposa dera lina lililonse m'dziko muno. Madzi a kuno ndi osaya poyerekeza ndi a kumpoto, ndipo mphepo ya mwera ikamawomba m'nyengo yozizira imavundula chonde cha pansi pa nyanja n'kuchikweza pamwamba, kotero kuti tizomera ting'onoting'ono timene nsomba zimadya timachuluka kwambiri. Mbiri ya usodzi m'derali imakambidwa kawirikawiri ngati mbiri ya maukonde ndi kuchepa kwa nsomba, koma pansi pa nkhani imeneyi pali funso lina lomwe mibadwo yonse yalimbana nalo, lakuti ndani ayenera kulipirira ntchito yosamala nsomba, ndalamazo azisunge ndani, ndipo wosungayo azifotokozera yani za mmene zayendera.

Akatswiri a zachuma amasiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu amakonda kuziphatikiza. Nsomba za m'nyanja ndi chuma chogawana, kutanthauza kuti n'kovuta kuletsa munthu kuzipha, komabe imene wapha mmodzi mnzake sangaiphenso. Chisamaliro cha nsombazo, chomwe ndi kulondera nyanja, kutseka usodzi nthawi yoswana, kuteteza malo oberekerana ndi kufufuza kuchuluka kwa nsomba, ndi ntchito yokomera onse, chifukwa phindu lake limafika kwa msodzi aliyense, kaya anasonkhako kaya sanasonkhe. Apa ndi pamene pagona vuto, pakuti munthu akadziwa kuti adzapindula ngakhale asalipire, amadikira kuti alipire ndi ena, ndipo onse akaganiza chimodzimodzi ntchitoyo imasowa woigwira. Garrett Hardin analemba mu 1968 kuti chuma chopanda mwini mmodzi mapeto ake n'kuwonongeka, pamene Elinor Ostrom, yemwe analandira mphoto ya Nobel mu 2009, anasonyeza ndi zitsanzo za m'mayiko ambiri kuti midzi imatha kudzipangira malamulo n'kuwalipirira yokha ngati malire ali odziwika ndipo olondera akuyankha kwa anthu amene akuwalondera. Zimene zachitika ku Mangochi zikupereka umboni mbali zonse ziwiri.

Asanabwere atsamunda, madoko, omwe ndi malo okochezapo mabwato ndi kukokerapo makoka, anali m'manja mwa mafumu ndi nyakwawa, ndipo mlendo sankaponya khoka asanakaonekere kwa mwini dera. Msodzi akapha nsomba ankapatulako zina n'kupereka kwa mfumu, ndipo mtulo umenewu m'madera a Malombe ndi Shire umadziwika ndi dzina lakuti mawe. Mawe anali malipiro a ntchito zooneka ndi maso, monga kuweruza milandu ya pa doko, kugawa malo okokera makoka, kulandira alendo ndi kutsogolera miyambo yopempha mwayi ndi chitetezo pa madzi. Wopereka ndi wolandira ankakhala m'mudzi umodzi, ndipo mfumu yoipa mtima inkathawidwa ndi anthu ake, chomwe chinali chilango chachikulu pa nthawi imene ukulu wa mfumu unkayezedwa ndi kuchuluka kwa anthu. Komabe si bwino kuikometsa nthawiyi kuposa mmene inalili. Chimene chinkateteza nsomba kwambiri chinali kuchepa kwa anthu ndi kuvuta kwa zida, popeza maukonde ankalukidwa ndi luzi la zomera monga bwazi, ankatenga nthawi yaitali kuti athe, ndipo ankafuna kuyanikidwa ndi kusokedwa pafupipafupi. Kuwonjezera apo, mafumu a Chiyao monga Mponda, yemwe mudzi wake unali pafupi ndi pamene Shire amatulukira m'nyanja, ndi Makanjira wa kutsidya la kummawa, ankapeza chuma chawo chachikulu pa malonda a minyanga ndi akapolo komanso pa kulipiritsa amalonda owoloka mtsinje, ndipo chumacho sichinali chokomera onse.

Ulamuliro wa Britain unabweretsa njira ina yosonkhetsera. Mu 1891 Harry Johnston anamanga linga pafupi ndi kwa Mponda, lomwe linatchedwa Fort Johnston, dzina limene boma la Mangochi linadziwika nalo mpaka dziko litalandira ufulu, ndipo nkhondo zolimbana ndi Makanjira ndi mfumu inzake Jalasi zinatha mu 1895. Msonkho wa nyumba unayamba m'zaka zomwezo, ndipo kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 unakonzedwa mwakuti munthu amene wagwira ntchito mwezi wathunthu kwa mzungu ankalipira theka lokha. Cholinga cha msonkhowu chinali kulipirira ulamuliro ndi kukankhira amuna ku minda ya azungu, monga mmene thangata, lomwe poyamba linali mwambo wothandizana ntchito pakati pa anthu a m'mudzi, linasandutsidwira ntchito yokakamiza yolipirira malo okhala. Kwa anthu a kunyanja, kugulitsa nsomba zouma kunakhala njira imodzi yopezera ndalama ya msonkho popanda kupita ku thangata kapena ku migodi, kotero kuti msonkho unakulitsa malonda a nsomba koma sunabweze chooneka ku madoko kumene ndalamayo inkachokera. Kuchokera nthawi imeneyi m'mitima ya anthu munakhazikika maganizo akuti ndalama yopita ku boma ndi yotayika ndiponso kuti chinthu cha boma chilibe mwini.

Lamulo la 1933 linapatsa mafumu akuluakulu mphamvu zopanga malamulo a m'madera awo ndi kuweruza milandu, ndipo pambuyo pake analoledwa kukhala ndi thumba la ndalama zochokera ku gawo la msonkho, ziphaso ndi chindapusa cha m'makhoti. M'zaka zomwezo nyanja inasintha nkhope. Shire, yemwe anali atasiya kuyenda bwino kuyambira cha m'ma 1915 madzi a m'nyanja atatsika, mpaka anthu kumalima m'malo ena a Malombe, anayambiranso kuyenda cha m'ma 1935, ndipo Malombe inadzaza n'kukhala malo a nsomba zambiri. Pa nthawi yomweyo amalonda ochokera ku Greece a banja la Yiannakis anakhazikitsa usodzi waukulu pafupi ndi Fort Johnston, wa maboti a injini ndi maukonde akuluakulu ozinga chambo pakati pa nyanja, ndipo nsomba zina ankazigulitsa mpaka ku Southern Rhodesia. Madandaulo a mafumu ndi asodzi akuti alendowa akumaliza nsomba anali amodzi mwa zifukwa zimene zinachititsa boma kuitana akatswiri. Kafukufuku wa 1939, momwe munali Ethelwynn Trewavas, ndi ntchito ya Rosemary Lowe, yemwe anafufuza za chambo kuyambira mu 1945 mpaka 1947, zinayala maziko a malamulo onena za kukula kwa maso a ukonde ndi nyengo yotseka usodzi. Kudziwa za moyo wa chambo inalinso ntchito yokomera onse, ndipo inalipiridwa ndi ndalama za boma la atsamunda, chizindikiro choyamba chakuti pali ntchito zina za pa nyanja zimene mudzi umodzi sungazikwanitse. Pofika m'zaka za m'ma 1950 funso lakuti nsomba za m'nyanja n'za yani linali litalowa m'ndale za ufulu, ndipo Henry Masauko Chipembere, yemwe kwawo kunali ku Malindi ndipo analowa m'nyumba ya malamulo mu 1956, anali mmodzi mwa oyankhulira asodzi achikuda.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda linasankha njira yoika zonse m'manja mwa likulu. Mu 1968 bungwe la boma la Malawi Development Corporation linatenga bizinesi ya a Yiannakis n'kuisandutsa Maldeco, kampani yomwe ili pafupi ndi Nkopola ndipo pambuyo pake inakhala ya Press Corporation, ndipo m'chaka chomwecho usodzi wa matola, omwe ndi maboti a injini okoka ukonde pansi pa madzi, unayamba m'chigawo chino cha nyanja. Nthambi ya zausodzi inaima payokha mu 1971, lamulo latsopano la usodzi linakhazikitsidwa mu 1973, kafukufuku ankachitikira ku Monkey Bay, ndipo alangizi ankaphunzitsidwa ku Mpwepwe. Mwini ukonde aliyense ankayenera kudula chiphaso chaka ndi chaka, koma ndalama ya chiphasocho inkapita ku thumba lalikulu la boma, lomwe anthu amalitcha akaunti nambala wani, ndipo ofesi ya zausodzi ya ku Mangochi inkadikira gawo lake la bajeti monga ofesi ina iliyonse. Panalibe chingwe cholumikiza ndalama imene msodzi walipira ndi mafuta a boti lolondera, moti asodzi ambiri sankadula ziphaso, ndipo alangizi, omwe ankayembekezeka kuphunzitsa anthu masana n'kuwalanda maukonde usiku, ankaonedwa ngati adani. Pa nthawi yomweyi maukonde a nayiloni, omwe anayamba kufala kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, anachotsa malire akale aja a luzi lovuta kuluka, ndipo chiwerengero cha anthu odalira nyanja chinkakwera chaka ndi chaka.

Zotsatira zake zinaonekera poyera ku Malombe, ndipo kuti zimveke m'pofunika kudziwa mmene chambo chimaberekera. Chambo chachimuna chimakumba chisa chonga mbale pa mchenga wa m'madzi osaya, chachikazi chimaikira mazira n'kuwafungatira m'kamwa mpaka ana ataswa, kenako chimakawasiya m'malo a udzu wa m'madzi, momwe tiana timeneti, totchedwa kasawala, timabisala ndi kukulira. Khoka la maso ang'onoang'ono likamakokedwa pansi limasalaza zisa, limazula udzu, ndipo limakokolola mayi pamodzi ndi ana ali m'kamwa. Ukonde wa nkacha, womwe unafala ku Malombe pofuna kupha kambuzi, umaponyedwa mozungulira ndi maboti awiri a matabwa, ndipo mmodzi mwa alovi, omwe ndi anyamata ogwira ntchito pa ukonde wa munthu wina, amamira mpaka pansi n'kukamanga kunsi kwa ukondewo kuti ukhale ngati thumba, ntchito yoika moyo pa chiswe yomwe imatheka chifukwa nyanjayo ndi yosaya. Alovi salandira malipiro a pa mwezi koma gawo la ndalama za nsomba za tsikulo, choncho tsiku losapita pa madzi ndi tsiku logona ndi njala, ndipo kwa munthu wotere mwambi wakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno uli ndi mphamvu kuposa lonjezo la chambo cha zaka zitatu zikubwerazo. Chambo chophedwa ku Malombe, chomwe chinaposa matani 8,000 mu 1982, chinatsika kufika pa matani osakwana 1,000 pofika 1992, ndipo kafukufuku wa chambo amene boma linachita mothandizidwa ndi FAO ndi UNDP kuyambira mu 1988 mpaka 1992 anatsimikiza kuti njira yolamulira kuchokera ku likulu yalephera.

Mu 1993, chaka chomwe Amalawi anavotera ndale za zipani zambiri, boma linayambitsa ndondomeko yosamala nsomba mogwirizana ndi asodzi ku Malombe ndi ku Shire wakumtunda, mothandizidwa ndi mabungwe akunja monga GTZ ya ku Germany ndi UNDP. M'madoko munasankhidwa makomiti otchedwa ma BVC, omwe ntchito yawo inali kulemba m'kaundula asodzi ndi zida zawo, kufunsa kalata kwa msodzi wochokera ku doko lina, kulondera nyengo yotseka ndi kulanda zida zoletsedwa, ndipo pulogalamu ya pa wailesi ya MBC yotchedwa Usodzi wa Lero inkafalitsa uthengawu. Okonza ndondomekoyi anaona ndithu funso la ndalama, pakuti analingalira kuti thandizo lakunja likadzatha, gawo la ndalama za ziphaso lizidzabwezedwa ku makomiti, ndiponso kuti asodzi athandizidwe kusintha maukonde awo kuti akhale a maso aakulu. Malonjezo amenewa sanakwaniritsidwe monga mmene asodzi ankayembekezera, chifukwa malamulo a zachuma ankafunabe kuti ndalama yotoleredwa m'dzina la boma ipite ku thumba lalikulu. Chimene chinafika ku madoko chinali ndalama za misonkhano ndi maphunziro, ndipo zimenezi zinakopa anthu ambiri amene sanali asodzi kuti alowe m'makomiti, pamene alovi, omwe ndiwo amasankha koponya ukonde usiku, anasiyidwa kunja. Panabukanso mkangano pakati pa makomiti ndi nyakwawa zina, chifukwa mawe, omwe kale anali malipiro a chisamaliro, m'malo ena anasanduka mtengo wogulira chilolezo chopha nsomba nthawi yoletsedwa, ndipo komiti ikalanda ukonde, mwini wake ankatha kukaubweza kudzera kwa mfumu imene wakhala akuipatsa ndiwo.

Lamulo la 1997 losamala ndi kuyendetsa usodzi, pamodzi ndi malamulo ake ang'onoang'ono a mu 2000, linavomereza kuti anthu a m'midzi atenge nawo mbali, ndipo ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya 1998 inatsegula khomo lakuti makhonsolo azitolera ndalama zina ndi kupanga malamulo a m'maboma awo. Pambuyo pake kunabwera dongosolo lobwezeretsa chambo la 2003, ndondomeko ya usodzi ndi ulimi wa nsomba ya 2016, ndi mapulojekiti a USAID otchedwa FISH, kuyambira mu 2014, ndi REFRESH, kuyambira mu 2019, omwe analimbikitsa malo otetezedwa oswanirana nsomba ndi kudzutsa makomiti amene anali atafooka. Ntchito zimenezi zinali ndi phindu lake, koma kayendedwe kake kakhala kofanana, kakuti pulojekiti ikakhalapo mafuta olonderera amapezeka ndipo misonkhano imachitika, ikatha makomiti amatsala ndi chindapusa chokha. Chindapusa ndi gwero losadalirika, chifukwa komiti yodalira ndalama za olakwa imapeza zambiri pamene kuphwanya malamulo kwachuluka ndipo imasauka pamene ntchito yake yayenda bwino. Pakali pano zida zowononga monga kandwindwi ndi maneti otetezera udzudzu zikuonekabe m'magombe, madandaulo a matola olowa m'madzi osaya sanathe, ndipo mu 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu ya chambo m'gulu la zamoyo zimene zili pa chiopsezo chachikulu cha kutheratu.

Chitsanzo chosiyana ndi ichi chili pa chilumba cha Mbenji m'boma la Salima, pomwe kuyambira m'zaka za m'ma 1950 ufumu wa kumeneko wakhala ukutseka usodzi m'miyezi ya dzinja n'kuutsegula ndi mwambo mvula ikatha, ndipo pa chilumbapo saloleza mowa, chamba ndi juga. Dongosololi lakhala zaka zambiri chonchi chifukwa malire a chilumba ndi oonekeratu, wophwanya lamulo amathamangitsidwa onse akuona, olondera ndi asodzi omwewo, ndipo phindu la kudikira limaoneka chaka chomwecho pa kuchuluka kwa utaka. Zimenezi sizingakoperedwe zonse ku Nkopola, Namiasi kapena Makawa, kumene gombe ndi lalitali, asodzi amasamukasamuka potsata usipa, mahotela anatchinga mbali zina za gombe, ndipo makampani a matola amatenga ziphaso zawo ku likulu. Komabe Mbenji ikusonyeza kuti asodzi salephera kusonkha kapena kudziletsa, koma amakana kulipira pamene sakuona kumene ndalama yawo yapita ndiponso pamene akudziwa kuti nsomba imene aisiya lero idzaphedwa ndi wina mawa.

Mbiri ya zaka zoposa 130 imeneyi ikuonetsa kuti njira iliyonse inali ndi mbali imodzi yolimba ndi ina yofooka. Mawe anali pafupi ndi wopereka koma analibe kaundula, ndipo malonda atakula anasanduka chiphuphu m'malo ena. Msonkho ndi chiphaso zinali ndi lamulo ndi malisiti koma zinkatengera ndalama kutali ndi doko. Thandizo lakunja linabweretsa nzeru ndi zipangizo koma linali ndi tsiku lothera, ndipo linazoloweretsa anthu kuyembekezera malipiro pa ntchito yosamala chuma chawo chomwe. Njira yokhalitsa iyenera kutenga ubwino wa zitatu zonsezi, mwakuti ndalama itoleredwe pa doko pamene nsomba zikutsitsidwa ndi kugulitsidwa, gawo lodziwika litsale pomwepo mwa lamulo m'malo modalira chifundo cha ofesi, ndipo kaundula wa zolowa ndi zotuluka aziwerengedwa pa msonkhano wa onse, mfumu ikhalepo ngati mboni ndi woweruza, osati wosunga thumba. Iyeneranso kulipiritsa aliyense molingana ndi phindu lake, pakuti opindula ndi chambo si eni mabwato okha, koma ndi eni matola, amalonda otengera nsomba ku misika ya Limbe ndi Lilongwe, komanso mahotela a m'mbali mwa nyanja omwe mbale ya chambo ndi imodzi mwa zokopa alendo awo.

Pali ntchito zina zomwe zidzakhalabe za boma, monga kafukufuku, boti lolondera madzi akuya ndi makhoti, ndipo zimenezi n'zoyenera kulipiridwa ndi msonkho wa dziko lonse, popeza nsomba ndi ndiwo ya Amalawi a m'maboma onse, ngakhale amene sanaionepo nyanja. Palinso mtengo umodzi umene njira zonse zam'mbuyomu sizinauwerengere, womwe ndi njala ya alovi ndi ya amayi oyanika ndi kugulitsa nsomba m'miyezi ya Novembala ndi Disembala, pamene makoka amaletsedwa pa nyanja ya Malawi ndipo chakudya cha m'nkhokwe chimakhala chikutha. Kutseka nyanja kumapindulira onse, koma mpaka pano amene akhala akukulipirira kwambiri ndi osauka a pa doko, ndipo dongosolo limene silipeza njira yowapepuzira mtolowu, kaya kudzera m'magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama kaya m'ntchito zolipidwa za nyengo imeneyo, lidzapitiriza kuphwanyidwa usiku ndi anthu omwewo amene analivomereza masana.